Madzi a ku Mitundu Amapita Kuti?

Mdzukulu wanga wa zaka 7 anabwera kuchokera kusukulu tsiku lina nkhope ili yokwinya. Anaponya thumba la mabuku pakhonde n'kundifunsa asanapereke n'komwe moni. “Agogo, aphunzitsi akuti kuli nyanja ina ya madzi amchere. Anathiramo ndani mcherewo? Anagula matumba angati?”

Ndinaseka, koma mumtima ndinachita manyazi. Ine ndinaphunzitsa ana a pulayimale kwa zaka zambiri ndisanapume pantchito. Chaka ndi chaka ndinkalemba pabolodi mayina a nyanja zikuluzikulu za dziko lapansi, Pacific, Atlantic, Indian, Southern ndi Arctic, ana n'kumaloweza ngati nyimbo. Ambiri ankakhoza mayeso. Koma ndikukayika ngati panali ndi mmodzi yemwe amene ankaona chithunzi cha nyanjazo m'mutu mwake, poti ngakhale ine mphunzitsi wawo sindinapondepo m'mphepete mwa nyanja yamchere. Dziko lathu lilibe gombe. Kwa mwana wa ku Mitundu, mawu akuti nyanja amatanthauza ku Salima, kumene kumachokera usipa wa pamsika.

Panalinso chifukwa china chimene chinandichititsa kuti funso limeneli ndisaliyankhe mothamanga. Mu Januwale 2023 mjigo wa m'mudzi mwathu unawonongeka, ndipo kwa masabata angapo anthu tinkatunga pazitsime za kudambo. Mng'ono wake wa mtsikanayu, amene pa nthawiyo anali akuyamba kumene kuyenda, anatsekula m'mimba mpaka maso kulowa. Tinagona naye kuchipatala masiku atatu. Inali nyengo ya mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, nyengo imene boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre. Mwanayo anachira, koma kuyambira pamenepo nkhani ya madzi sindiitenganso mwachibwana. Kale ndinkaganiza kuti phunziro la nyanja ndi la mayeso, ndipo phunziro la madzi akumwa ndi la achipatala. Tsopano ndinafuna kuti mdzukulu wanga aone kuti ndi madzi amodzimodzi.

Ndowa, botolo ndi sipuni

Tinayambira pakhomo pomwepo. Ndinatenga nachesi n'kulisenda, ndipo mwamwayi linali ndi zigawo khumi. Ndinamuuza kuti nachesi limeneli ndi dziko lapansi. Zigawo zisanu ndi ziwiri ndi madzi, zitatu zokha ndiye mtunda umene uli ndi minda, misewu, mapiri ndi mayiko onse amene amawamva pawailesi. Anadya zitatu za mtundazo n'kunena kuti dziko latha.

Kenako tinadzaza ndowa ya malita 20. Ndinati, “Awa ndi madzi onse a padziko lapansi.” Ndinatungamo botolo limodzi la theka la lita n'kuliika pambali. Madzi otsala m'ndowa ndi amchere, osamweka ndiponso osathirira mbewu. Opanda mchere ndi a m'botolo okha. Mwa a m'botolowo, ochuluka kuposa theka ndi oundana ngati mwala kumalekezero a dziko ndi pamwamba pa mapiri ataliatali. Otsalawo pafupifupi onse ali pansi pa nthaka, kumene mjigo umakawapeza. Nditatero ndinadonthetsera timadontho pang'ono m'kasipuni ka tiyi, osafika ndi theka lomwe. “Iyi ndiye mitsinje yonse ndi nyanja zonse zopanda mchere, kuphatikizapo ya ku Salima ija.”

Anayang'ana kasipuniko nthawi yaitali. Mwana amene tsiku lililonse amaona amayi ake akusenza ndowa amadziwa kale kuti madzi ndi ovuta kupeza. Chimene sankadziwa ndi chakuti dziko lonse lili pamzere wa mjigo umodzi.

Kuti alawe nyanja, ndinasungunula masipuni akuluakulu awiri a mchere m'madzi okwana lita imodzi. Madzi a m'nyanja yaikulu amakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita iliyonse, ndiye muyezo wake ndi womwewo. Anaviika chala, n'kulawa, n'kulavula. Ndinamuchenjeza kuti madzi otere samwedwa, chifukwa amakoka madzi a m'thupi ndi kuwonjezera ludzu.

Pa phiri la Bunda

Sabata lotsatira, titadya chakudya cha masana, tinapita kukayenda ku phiri la Bunda pamodzi ndi ana ena atatu a oyandikana nawo nyumba. Aliyense wa kuno amalidziwa phirili, chimwala chachikulu chimene chimaonekera kutali ukamachokera ku Lilongwe, ndipo anthu ambiri amakwerako kukapemphera. Ife sitinafike pamwamba, mawondo anga anakana. Tinakhala pathanthwe lina chapakati n'kuyang'ana pansi.

Pamalo okwera ndi pamene mwana amaona bwino njira ya madzi. Kunali mwezi wa Ogasiti, minda yonse ili mbuu, koma madambo ankaoneka ngati mizere yobiriwira yokhotakhota, ndi madimba a mpiru, tomato ndi nzimbe m'mbali mwake. Chapafupi tinkaona nyumba za sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya LUANAR, kumene amaphunzitsanso ulimi wa nsomba m'mayiwe. Kumadzulo kunali mtandadza wa mapiri a Dzalanyama, wabuluu chifukwa cha kutalika.

Ndinathira madzi pang'ono a m'botolo pathanthwepo n'kuwauza anawo kuti awatsatire ndi maso. Madzi anayenda m'kamng'alu, n'kukumana ndi kena, n'kutsetsereka. Ndinafunsa ngati alipo amene anaonapo madzi akukwera phiri okha. Onse anakana. Ndinawauza kuti chinsinsi chonse cha mitsinje ndi chimenechi: madzi amafuna kotsika, ndipo kotsika kwambiri ndi kunyanja yaikulu. Ife a kuchigawo cha Lilongwe tili pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanjayo. Choncho dontho lililonse logwa padenga lathu lili ndi ulendo wautali wotsika.

Kamnyamata kena kanafunsa ngati phiri la Bunda lingamire m'nyanjamo. Ndinati lingamire, ndipo si lokhali. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, mutaliika pakati pa nyanja ya Indian lingabisike lonse, ngalawa n'kumadutsa pamwamba pake. Anawo anakhala chete, ndipo ndinadziwa kuti chithunzi chayamba kulowa.

Ku Malingunde

Patapita masiku, malume ake anatitenga pagalimoto kupita ku Malingunde kukaona madamu a Kamuzu. Loyamba linamangidwa mu 1966, lachiwiri mu 1989, onse pamtsinje wa Lilongwe, ndipo ndiwo amamwetsa mzinda wa Lilongwe kudzera ku Lilongwe Water Board. Mdzukulu wanga atangoona madzi atatambalala chotero anakuwa kuti, “Agogo, nyanja ija ndi iyi!” Ndinamuuza kuti ili ndi thamanda chabe limene anthu anatseka ndi chipupa. Pano tsidya lina likuoneka. Panyanja yaikulu munthu amayenda pasitima masabata osaona mtunda.

Panjira tinakumana ndi njinga zambiri zolemedwa ndi matumba a makala, zikuchokera cha ku Dzalanyama kulowera kutauni. Nkhalango imeneyi inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1922, ndipo ndi kumene kumayambira mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe. Kudula mitengo kunafika poipa moti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukailondera. Anthu a njingawo sindiwaweruza, ambiri ndi ana a m'midzi mwathu momwemu amene akufuna ufa ndi fizi. Koma mwana ayenera kudziwa chimene mtengo umachita.

Titabwerera kunyumba ndinamuonetsa ndi mbale ziwiri zopendekeka. Pa ina ndinaika dothi lokha, pa inayo dothi lokutidwa ndi udzu ndi masamba ouma. Titathira madzi ofanana, mbale yoyamba inatulutsa matope nthawi yomweyo. Yachiwiri inasunga madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, oyererako. Nkhalango imagwira mvula chomwecho, kuilowetsa pansi, kuti akasupe ndi mijigo isaume mu Okutobala. Ikatha, mvula imathamanga tsiku limodzi itanyamula nthaka, n'kukakwirira madamu ndi matope.

Kudutsa Nathenje mpaka pa Diamphwe

Ulendo waukulu tinaupanga Lamulungu lina. Tinakwera minibasi pa Mitundu mpaka pamphambano ya Bunda, n'kukweranso ina yolowera ku Dedza pamsewu wa M1. Tinadutsa Nanjiri n'kutsika pa Nathenje, kumene kuli mphwanga. Nathenje ndi malo a phokoso: ogulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu, akabaza akuitanira, malole akuluakulu akudutsa. Ndinamuuza mtsikanayo kuti ambiri mwa malole a mafuta ndi feteleza amene amadutsa m'misewu yathu amakatenga katundu kumadoko monga Beira, kumene sitima zapanyanja zimakocheza. Ngakhale sitinaione nyanjayo, zinthu zake zimadutsa pamaso pathu tsiku ndi tsiku.

Pamsika ndinamuonetsanso china. M'ngalande munali majumbo, mabotolo ndi makoko a nzimbe zili mbwee. Ndinamufunsa kuti mvula ikagwa zimenezi zipita kuti. Anaganiza pang'ono n'kuyankha kuti, “Kotsika.” Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, koma akadali paliponse. Jumbo siliwola msanga. Limatseka ngalande n'kupanga zithaphwi zoswanirana udzudzu, mbuzi zimalimeza, ndipo lina limayenda ndi mtsinje mpaka kutali kumene nsomba ndi akamba a m'nyanja amaliyesa chakudya.

Masana mphwangayo anatiperekeza kudutsa Kamphata mpaka pa mlatho wa Diamphwe, m'malire a Lilongwe ndi Dedza. Ndinamugwira dzanja mwamphamvu, chifukwa magalimoto a pamenepo sayenda pang'ono. Tinatsikira m'mbali, pamalo otetezeka, ndipo anaponya tsamba la mango m'madzi. Tinaliyang'ana likuyenda mpaka linakhota.

“Likupita kuti, agogo?”

Ndinatola kamtengo n'kuyamba kujambula pamchenga.

Mapu a pamchenga

Ndinajambula mzere wa Diamphwe ukukalowa mu Linthipe. Ndinajambulanso wa Lilongwe, umene umadutsa mumzinda n'kukalowa mu Linthipe momwemo. Choncho madzi a kwathu kuno, kaya atsikira mbali iyi kaya inayo, amakakumana kutsogolo n'kutsika limodzi mpaka m'nyanja ya Malawi m'boma la Salima. Pamenepo ndinakumba kadzenje kotalika. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita opitirira 500, ndipo kumpoto kwake ndi yakuya pafupifupi mamita 700.

Mitsinje yambiri imalowa m'nyanja ya Malawi, koma wotuluka ndi umodzi wokha, Shire. Umayambira ku Mangochi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe, n'kufika ku Liwonde kumene kuli chotchinga madzi cha Kamuzu chimene chinamangidwa mu 1965. Ukatero umagwa m'mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene madziwo amazunguza makina opangira magetsi. Ndinamuuza kuti babu la m'kalasi mwake likayaka, mwina ndi madzi a padenga lathu amene akuliyatsa. Kuchokera apo Shire amatsikira ku Chikwawa ndi Nsanje, n'kulowa m'dziko la Mozambique, n'kukathira mu Zambezi atayenda makilomita pafupifupi 400. Zambezi naye amagawikana timitsinje tambiri cha ku Chinde n'kulowa m'nyanja ya Indian. Kale sitima za nthunzi zinkayambira pa Chinde pomwepo kukwera ndi mtsinje kubweretsa katundu ndi anthu m'dziko muno.

Pamene ndinafika pa nyanja yamchere, mchenga wosalala unali utatha. Ndinangotambasula manja kuloza thengo lonse. Mtsikanayo anayenda pamzerewo ndi zala ziwiri ngati kamunthu, akutchula mayina: Diamphwe, Linthipe, Malawi, Shire, Zambezi, Indian. Anabwereza katatu, ndipo sanaiwalenso.

Apa ndipo ndinayankha funso lake loyamba lija. Madzi akamayenda m'miyala ndi m'nthaka amasungunula timchere tochepa kwambiri, toti lilime silingamve. Mitsinje yambiri ya padziko imatutira timchere timeneti kunyanja yaikulu. Kumeneko madzi alibe kwina kotsikira. Dzuwa limawakweza m'mwamba ngati nthunzi, koma mchere umatsala. Nyanja ya Malawi simva mchere chifukwa ili ndi khomo lotulukira. Nyanja ya Chilwa ku Zomba ilibe mtsinje wotuluka, n'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere. Palibe amene anagula matumba.

Madzi amabwerera

Madzulo ake, kunyumba kwa mphwanga ku Nathenje, tinatsiriza phunziro kukhitchini. Ndinaika madzi amchere mumphika pamoto n'kuvundikira. Atawira ndinachotsa chivundikiro ndekha, mwanayo ataima patali, n'kudikira kuti chizizire. Kunsi kwake kunali madontho. Analawa limodzi n'kudabwa: munalibe mchere. Ndinamuuza kuti mphika ndi nyanja, moto ndi dzuwa, chivundikiro ndi mtambo, ndipo madonthowo ndi mvula.

Mvula yathu yambiri imachokera kunyanja yamchere momwemo. Mphepo imanyamula chinyontho kudutsa Mozambique kufika kuno. Anthu a ku Thyolo ndi Mulanje amaidziwa bwino chiperoni, mvula yamawawa ya m'nyengo yozizira imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Nayonso nyanja ya Malawi imataya madzi ambiri kudzera m'nthunzi kuposa amene amatuluka ndi Shire, ndipo mbiri imati pakati pa 1915 ndi 1935 madzi ake anatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka m'nyanjamo.

Sindinamubisire kuti nyanja imatumizanso zoopsa. Namondwe wa Freddy anabadwira panyanja pafupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian, n'kudzafika kuchigawo chakummwera kwa dziko lino mu Malichi. Mapiri anagumuka ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu mazanamazana anatisiya. Namondwe amatenga mphamvu zake m'madzi ofunda a panyanja. Kwa mwana wa zaka 7 ndinangonena zochepa: kuti a zanyengo akachenjeza pawailesi timamvera, ndiponso kuti mtsinje wodzaza suwolokedwa ngakhale sukulu ili tsidya lina.

Zimene zinasintha pakhomo

Makolo anzanga, phunziro lonseli silinafune buku, kompyuta kapena ndalama zambiri. Linafuna nachesi, ndowa, mbale ziwiri, mphika ndi ndalama ya minibasi. Amene sangathe kufika pa Diamphwe angayambe ndi kangalande ka kuseri kwa nyumba tsiku la mvula, n'kumufunsa mwana kuti madziwo achokera kuti ndipo akupita kuti. Ana aang'ono amagwira chimene achikhudza ndi manja, ndipo amafuna phunziro limodzi pa tsiku, osati asanu.

Mwana akamvetsa kuti madzi amayenda ndipo amanyamula chilichonse chimene akumana nacho, malamulo a ukhondo amasiya kukhala ukali wa agogo. Tsopano mdzukulu wanga amadziwa chifukwa chake chimbudzi chimakumbidwa kumunsi kwa chitsime ndiponso pa mtunda wa mamita osachepera 30. Amadziwa chifukwa chake sitichita chimbudzi kutchire, poti mvula idzachitengera kudambo kumene ena amatunga. Amadziwa kuti madzi ooneka oyera akhoza kukhala ndi tizilombo, ndiye timawawiritsa kapena kuthira WaterGuard kapena klorini wa kwa alangizi a zaumoyo, n'kuwasunga m'chigubu chotseka. Amasamba m'manja ndi sopo pa mpondagiya akachoka kuchimbudzi, ndipo amakakamiza mng'ono wake kutero. Ndinamuuzanso za nkhono za m'madzi odikha zimene zimafalitsa likodzo, ndi za maenje oumbira njerwa amene amadzaza m'dzinja n'kumiza ana.

Akuluakulu a pakhomo nafenso tinakumbutsana za madzi a mchere ndi shuga opulumutsa wotsekula m'mimba. Paketi ya Thanzi ORS imasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ikasowa, timasungunula masipuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere m'lita imodzi, n'kumamwetsa wodwalayo pang'onopang'ono tili panjira yopita kuchipatala. Mchere ukachuluka kuposa apa umavulaza, monga amavulazira madzi a m'nyanja aja.

Mvula yoyamba inagwa kuno mu Novembala, madzulo, ndi fungo lake la dothi. Ndinali kuanula zovala mothamanga pamene ndinaona mtsikana uja ataima pansi pa denga, atatchera kapu pamadzi otsika m'malata. Ndinakuwa kuti asamwe, chifukwa mvula yoyamba imatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame.

“Sindikumwa, agogo,” anatero. “Ndikungofuna kuona ngati abwera ndi mchere.”

Anaviika chala n'kulawa, n'kupukusa mutu. Kenako anakhuthulira madziwo m'kangalande kotsikira kudambo, n'kukaitana mng'ono wake kuti adzaone kumene akulowera.